Ulendo wa Munthu Wovulala

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za chisamaliro chimene munthu wovulala pangozi amalandira m'dziko lathu lino la Malaŵi, kuyambira pamalo pamene wagwera mpaka tsiku limene adzatuluke m'chipatala. Ambiri a ife tikamva kuti basi yagubuduzika pakati pa Ntcheu ndi Dedza, funso limene timafunsa ndi lakuti, "Afa angati?" Tikauzidwa kuti anayi afera pomwepo ndipo ena khumi athamangira nawo kuchipatala, mtima umakhala pansi ngati kuti nkhani yatha. Komatu kwa anthu khumi aja nkhani ndiye yayamba kumene. Ena mwa iwo adzabwerera kwawo akuyenda ndi miyendo yawo, ena adzabwerera olumala, ena sadzabwerera konse. Chimene chimasiyanitsa magulu atatuŵa kaŵirikaŵiri si kukula kwa bala kokha ayi, koma zimene zidachitika m'maola oŵerengeka oyambirira: adawanyamula ndani, adawanyamula bwanji, adafika nthaŵi yanji, ndipo atafika adapeza chiyani.

Tiyambe taona kukula kwa vutoli. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 4.4 miliyoni amafa chaka ndi chaka chifukwa cha kuvulala kwa mitundumitundu, ndipo m'chaka cha 2021 ngozi za pamsewu zokha zidapha anthu 1.19 miliyoni. Mwa anthu 10 alionse ofera pamsewu, 9 ndi a m'maiko osauka ndi maiko ongotukuka kumene. Pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe nthenda imene imapha anthu ambiri padziko lapansi kuposa ngozi za pamsewu. Ameneŵa ndi anthu amene akadalima, akadaphunzira, akadasunga makolo awo paukalamba.

Kuno kwathu, lipoti la WHO la 2018 lidayerekeza kuti m'chaka cha 2016 anthu oposa 5,000 adafa pangozi za pamsewu, ndiko kuti anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse, chiŵerengero chimene chidaika Malaŵi m'gulu la maiko a misewu yoopsa kwambiri. Koma m'mabuku a boma a chaka chomwecho mudalembedwa anthu ongopitirira pang'ono 1,000. Kusiyana kumeneku kuli ndi phunziro lake. Wapolisi amalemba amene wawapeza atafa pamsewu. Munthu amene wakatsirizikira m'galimoto ya matola, kapena m'wodi patapita sabata, kapena kumudzi abale atatopa ndi kudikira nkumtenga, kaŵirikaŵiri dzina lake silibwerera kukaloŵa m'buku la ngozi. Motero anthu amene chisamaliro chabwino chikadawapulumutsa ndi omwewonso amene saoneka m'chiŵerengero.

Tisaganize kuti kuvulala konse nkwa pamsewu. M'chaka cha 2008 chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, mothandizana ndi sukulu ya ukachenjede ya North Carolina ya ku America, chidayamba kulemba m'kaundula wapadera munthu aliyense wobwera atavulala. Kaundula ameneyu, pamodzi ndi ena amene adatsegulidwa pambuyo pake m'zipatala za m'maboma, adatsimikiza zimene anamwino ankazidziŵa kale. Gulu lalikulu ndi la anthu ogwa, monga ana ogwa m'mitengo nyengo ya mango. Ena ndi omenyedwa. Ena ndi ana aang'ono opsa ndi moto, madzi otentha kapena phala, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene banja limaothera moto m'nyumba, ndiponso odwala khunyu amene amagwera pamoto. Koma tikafunsa kuti chopha kwambiri ndi chiti, yankho ndi msewu, ndipo mwa ofera pamsewuwo gawo lalikulu ndi oyenda pansi ndi okwera njinga, anthu amene galimoto alibe nkomwe. M'zaka zaposachedwapa kabaza wa njinga zamoto wawonjezera katundu pa katundu. Walira mvula walira matope: kabaza wafupikitsa ulendo wa kumsika ndi kuchigayo, koma wadzazanso mawodi ndi anyamata othyoka miyendo ndi ophwanyika mitu, ambiri a iwo okwera popanda chipeŵa chodzitetezera.

Kuti timvetse chifukwa chake maola oyambirira ali ofunika chotere, tiyenera kudziŵa mmene munthu wovulala amafera. M'chaka cha 1983 dokotala wina wa opaleshoni wa ku America, Donald Trunkey, adafotokoza kuti imfa za ovulala zimadza panthaŵi zitatu. Ena amafa pomwepo, m'mphindi zoŵerengeka, chifukwa ubongo waphwanyika kapena mtsempha waukulu wa pamtima wang'ambika. Ameneŵa ngakhale dokotala ataima m'mbali mwa msewu sangawapulumutse, ndipo mankhwala ake ndi kupeŵa ngoziyo basi. Ena amafa patapita masiku kapena masabata, mabala atachita mafinya ndi ziŵalo za m'kati zitafooka. Koma pakati pa magulu aŵiriŵa pali gulu la amene amafa m'maola oyamba, ndipo zimene zimawapha nzoŵerengeka ndiponso nzodziŵika: kutsekeka kwa njira ya mpweya, kupanikizika kwa mapapo chifukwa cha mpweya kapena magazi odzaza m'chifuŵa, ndi kutaya magazi. Munthu wokomoka akagona chagada, lilime limagwera kummero nkutseka njira ya mpweya, ndipo ubongo ukasoŵa mpweya kwa mphindi zinayi kapena zisanu umayamba kuwonongeka. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita 5. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposerapo ikhoza kutayikira m'kati mwa ntchafu momwemo, kunja osaoneka ngakhale dontho. Kapamba akang'ambika, magazi amadzaza m'mimba mwakachetechete, mwiniwake nkumalankhula bwinobwino, nkumati, "Ndingopuma pang'ono."

Gulu lapakatili ndilo limasiyanitsa dziko ndi dziko. M'chaka cha 1998 Dr Charles Mock ndi anzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adayerekeza mizinda itatu: Kumasi ku Ghana, Monterrey ku Mexico ndi Seattle ku America. Adatenga akuluakulu ovulala kwambiri m'mizinda yonse itatu ndi kuona kuti adafa angati. Ku Seattle adafa 35 mwa 100 alionse, ku Monterrey 55, ku Kumasi 63. Chodabwitsa chidali chakuti kusiyana kwakukulu sikudali m'kati mwa zipatala ayi, ngakhale chipatala cha ku Seattle chidali ndi makina amene cha ku Kumasi sichikadawalota nkomwe. Kusiyana kudali panjira. Ku Kumasi, 51 mwa ovulala 100 alionse adafa asadafike pakhomo pa chipatala. Ku Seattle adali 21 okha. Panthaŵiyo ku Kumasi kudalibe maambulansi othamangira pamalo a ngozi. Ife a ku Malaŵi tikamva za Kumasi wa masiku amenewo, tikumva za kwathu.

Taganizani, omvera, mmene zimakhalira ngozi ikachitika pamsewu wa M1. Oyamba kufika ndi anthu a m'mudzi wapafupi, ogulitsa tomato ndi makala m'mbali mwa msewu, ndi madalaivala a galimoto zina. Maambulansi ambiri amene tili nawo ndi a zipatala, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kusamutsa odwala kuchoka kuchipatala chaching'ono kupita kuchachikulu, makamaka amayi amene uchembere wawavuta. Nthaŵi imene ngozi ikuchitika, ambulansi ya chipatala chapafupi ikhoza kukhala ili kutali ndi mayi wotaya magazi, kapena ili pamiyala kudikira matayala. Kaundula wa ku Kamuzu uja adaonetsa kuti ochokera pamalo a ngozi amafika pa galimoto za anthu wamba, maminibasi, galimoto za apolisi, njinga, kapena wapansi. Ofika pa ambulansi ambiri ndi otumizidwa kuchokera kuzipatala zina. Kunena mosabisa, ambulansi yeniyeni ya Mmalaŵi wovulala ndi lole kapena galimoto ya matola ya munthu wachifundo amene wadutsa.

Chifundo chilipo, ndipo nchochuluka. Chimene chikusoŵa ndi luso. Pofuna kuthandiza msanga, anthu amamkoka wovulala m'galimoto atamgwira mikono ndi miyendo, mutu ukungolendeŵera, ndipo ngati fupa la khosi lidangothetheka, kunyamula kotereku kumatsiriza ntchito imene ngozi idaisiya: mtsempha waukulu wa mumsana umaduka, munthu nkufa ziŵalo moyo wake wonse. Ena amammwetsa madzi wokomoka, madziwo nkuloŵa m'mapapo. Ena amathira dothi, mchere, ngakhale mafuta a mabuleki pabala. Kenaka ovulala amasanjikizidwa kumbuyo kwa galimoto, wokomoka atagona chagada popanda womuyang'anira, ndipo pofika kuchipatala amapezeka atatsamwa ndi magazi kapena masanzi ake omwe. Masiku ano pawonjezeka khalidwe lina lonyansa, loima ndi lamya m'manja kujambula munthu amene akungofuna dzanja lomupanikiza pabala.

Kodi tsono dziko losauka lingatani, poti silingagule ambulansi ya mudzi uliwonse? Yankho lina lidachokera ku Ghana konko. Ataona kuti ovulala ambiri amanyamulidwa ndi madalaivala a matakisi ndi maminibasi, Dr Mock ndi anzake adaganiza zophunzitsa madalaivala omwewo. Adaphunzitsa madalaivala 335 maphunziro a maola 6 okha, ochita ndi manja, pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamsewu pomwepo. Atawatsata patapita miyezi ingapo, adapeza kuti ambiri mwa amene adafunsidwa adali atathandizapo kale pangozi, ndipo oletsa magazi, otsegula njira ya mpweya ndi omanga mafupa othyoka adachuluka kwambiri kuposa kale. Umboni wina wamphamvu udachokera kumadera a mabomba okwirira pansi a kumpoto kwa Iraq ndi ku Cambodia. Kumeneko dokotala wa ku Norway, Hans Husum, ndi anzake adaphunzitsa azaumoyo a kumidzi 135, iwonso nkuphunzitsa anthu wamba oposa 5,000. Ulendo wa kuchipatala udali wa maola ambiri monga kale, misewu idali yomwe ija, koma lipoti lawo la 2003 lidaonetsa kuti imfa pakati pa ovulala zidatsika kuchoka pa 40 kufika pa 15 mwa 100 alionse.

Nanga maphunziro otere amakhala a zotani? Zinthu zake nzosavuta, ndipo ndi bwino tizitchule pano, popeza wina mwa inu akhoza kukhala woyamba kufika pangozi maŵa. Yambani mwachenjeza galimoto zina poika nthambi kapena zizindikiro patali ndithu mbali zonse ziŵiri, kuti ngozi imodzi isabale inzake. Kenaka pitani kwa wovulala amene ali chete, osati amene akukuwa, chifukwa wokuwa ndiye kuti akupuma. Wokomoka amene akupuma mumgoneke chammbali, mutu, khosi ndi msana zikutembenukira pamodzi ngati chipika, kuti lilime ndi masanzi zisamtseke. Pamene pakutuluka magazi pindani chitenje kapena malaya aukhondo ndi kupanikiza mwamphamvu ndi dzanja, osachotsachotsa kuti muone ngati aleka. Nsaluyo ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba. Mwendo wothyoka muumangirire ku thabwa, ku ndodo, kapena ku mwendo unzake. Pomnyamula pakhale anthu anayi kapena asanu, mmodzi ntchito yake ikhale kugwira mutu basi, ndipo chitseko kapena thabwa lalikulu likhale machira. Musampatse chakudya kapena chakumwa, popeza mwina akukaloŵa ku opaleshoni, ndipo mumfunditse, chifukwa thupi likazizira magazi sagwirana msanga. M'galimoto wina akhale pambali pake kuyang'anira kapumidwe kake njira yonse.

Pali chinanso chimene chimagwira anthu manja, ndicho mantha. Madalaivala ena amadutsa pangozi osaima, poopa kuti akafika ndi wovulala kuchipatala, kapena akafera m'galimoto mwawo, adzasungidwa kupolisi ndi kuitanidwa kubwalo la milandu ngati kuti ndiwo adamgunda. Vuto limeneli si lathu lokha. Ku India lidakula kufikira kuti mu 2016 khoti lalikulu la dzikolo lidalamula kuti munthu wothandiza wovulala asakakamizidwe kutchula dzina lake, kulipira chipatala kapena kukhala mboni. Chitetezo chotere, chikalembedwa momveka ndi kulengezedwa kwa aliyense, sichifuna ndalama zakunja kapena nyumba yatsopano, koma chikhoza kuimitsa galimoto zambiri pamalo a ngozi.

Boma lathu lidayesapo kutseka mpata wa pakati pa msewu ndi chipatala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, ndi ndalama zochokera ku World Bank, Unduna wa Zaumoyo udayambitsa ntchito yoyeserera pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, mtunda wa makilomita opitirira 300. Padagulidwa maambulansi oti azidikira ngozi, padakhazikitsidwa nambala yaulere ya 118, ndipo adaphunzitsidwa azaumoyo, madalaivala ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Maganizo ake adali olondola. Koma ambulansi si chinthu chogula kamodzi nkuiŵala. Imamwa mafuta tsiku ndi tsiku, imafuna matayala, dalaivala wa usiku, ndi woyankha lamya amene akudziŵa kumene kuli Lizulu ndi Kampepuza. M'dziko limene mafuta a galimoto amatha kusoŵa kwa masabata, monga tidaonera mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022 ndi zaka zotsatira, ntchito yodalira ambulansi yokha imakaima pamzere wa pamalo omwetsera mafuta pamodzi ndi ena onse. Luso limene laikidwa m'mutu mwa dalaivala wa minibasi silifuna dizilo.

Tiyerekeze tsopano kuti wovulala wathu wafika wamoyo pachipatala cha paboma. Amene adzamlandire kaŵirikaŵiri si dokotala, koma namwino ndi clinical officer. Apa pali chinthu chimene Malaŵi angachinyadire. M'chaka cha 1985 Dr Ed Blair adayambitsa maphunziro a miyezi 18 ophunzitsa azachipatala athu ntchito ya mafupa: kuwongola fupa lothyoka, kuika chikhakha, kutsuka bala limene fupa latulukira kunja, kubwezera mfundo yoguluka, ngakhale kudula chiŵalo chimene sichingapulumuke. Pofika 2008, monga adalembera Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake, adali ataphunzitsidwa anthu 117, pamene dziko lonse, la anthu 13 miliyoni panthaŵiyo, lidali ndi madokotala a mafupa 9 okha. Anthu ameneŵa ndiwo akhala akusenza gawo lalikulu koposa la ntchito ya mafupa m'dziko muno. Mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene mkono wake udalunzika bwino atagwa mumtengo, mwachidziŵikire adadutsa m'manja mwa mmodzi wa iwo.

Koma luso la munthu limafuna zipangizo. Wovulala m'chifuŵa amafuna kapaipi koloŵetsa pakati pa nthiti kuti mpweya ndi magazi zituluke. Kapaipi kameneka nkotsika mtengo, ndipo kukaika ndi ntchito ya mphindi zoŵerengeka, koma kakasoŵa m'kabati usiku umenewo munthu amafa. Makina a ekisire amafuna magetsi, amafunanso wowakonza akawonongeka. Chipinda cha opaleshoni chimakhala chimodzi kapena ziŵiri, wogonetsa odwala mwina mmodzi, ndipo wovulala akulimbirana zimenezi ndi amayi ofunika opaleshoni ya uchembere. Mu 2004 WHO idatulutsa buku lolangiza zinthu zimene chipatala cha msinkhu uliwonse chiyenera kukhala nazo posamalira ovulala, ndipo woliŵerenga amadabwa kuona kuti zambiri nzazing'ono: mpweya wa okosijeni, madiripi, mapaipi, ulusi wosokera, magolovesi. Kaŵirikaŵiri zimasoŵa osati chifukwa nzodula, koma chifukwa palibe amene adapatsidwa udindo woona kuti zilipo dzuŵa lisadaloŵe.

Ndiye pali nkhani ya mzere. Mwambo wathu ndi wakuti wofika poyamba athandizidwe poyamba, ndipo ndi mwambo wabwino kuchigayo ndi kubanki. Kuchipatala mwambo umenewu umapha. Phunziro lake tidalitenga kwathu konkuno, kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adakonzanso malo olandirira ana odwala mu 2001. Adaika namwino pakhomo woona mwana aliyense akangofika ndi kusankha amene sangadikire, ndipo adakonza chipinda chotsitsimutsira pafupi pomwepo. Imfa za ana ogonekedwa, zimene zinkakhala pakati pa 10 ndi 18 mwa 100 alionse, zidatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Ambiri mwa anaŵa adali odwala malungo ndi chibayo, osati ovulala, koma mfundo yake ndi imodzi, ndipo njira yosankhira odwala imene idakhwimira ku Blantyre idafalitsidwa ndi WHO kumaiko ambiri. Mu 2011 chipatala chomwecho chidatsegula malo otere olandirira akuluakulu.

Magazi nawonso ndi mutu wapaokha. Diripi imangomchirikiza munthu kwa kanthaŵi, koma amene wataya malita aŵiri amafuna magazi enieni, ndipo magazi sapangidwa kufakitale. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji. Motero sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi, pamene misewu imadzaza ndi apaulendo ndi oledzera, chimapeza mafiriji ali pafupi kuuma. Magazi ochepa omwewo akufunidwanso ndi mwana wa malungo ndi mayi wochira kumene. Abambo athanzi amene amadandaula za zipatala zathu ali pabawo, akadati azipereka magazi kaŵiri pachaka, akadachita zambiri kuposa kudandaulako. Palinso mankhwala otsika mtengo otchedwa tranexamic acid, amene amathandiza kuti magazi agwirane. Kafukufuku wamkulu wa 2010, wa ovulala oposa 20,000 m'maiko 40, adaonetsa kuti mankhwalaŵa amachepetsa imfa, ndipo kupenda kotsatira kudaonetsa kuti ayenera kuperekedwa pasadathe maola 3, akachedwa sathandiza. Malo ake enieni tsono ndi pachipatala choyamba chimene wovulala wafikira, osati m'kabati ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Zikakanika paboma, wovulala amatumizidwa ku chimodzi mwa zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth, Zomba, Kamuzu kapena Mzuzu. Kwa wa ku Dedza umenewu ndi ulendo wa makilomita osakwana 100. Kwa wa ku Chitipa ndi makilomita oposa 300, kudzera ku Karonga ndi kukwera mapiri a Chiŵeta. Ulendo wachiŵiriwu uli ndi zoopsa zake. Wotumizidwa magazi asadaletsedwe, popanda namwino pambali, popanda lamya yochenjeza amene akukamlandira, amakhala wangosinthidwa malo ofera. Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti chimene chingamuphe munthu panjira chikonzedwe asadanyamuke, ndipo chimene sichingatheke paboma chisamgoneke pomwepo mpaka kutacha.

Kuzipatala zazikulu ndiko kwaoneka kusintha kwambiri, ndipo tisakane. Sukulu yathu ya madokotala idatsegulidwa mu 1991. Isadatsegulidwe, Mmalaŵi aliyense wofuna udokotala ankayenera kupita kunja. Lero madokotala a opaleshoni ndi a mafupa amaphunzirira ukatswiri wawo ku Blantyre ndi ku Lilongwe konkuno. Mu 2002 chidatsegulidwa chipatala cha mafupa cha Beit CURE ku Blantyre, mu 2017 chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James, ndipo mu 2023, mothandizidwa ndi abwenzi a ku Norway, chipatala cha LION ku Lilongwe, choona za mafupa ndi opaleshoni ya ubongo ndi msana. Zonsezi nzoyamikika. Komabe wovulala m'mutu amafuna makina ojambula m'kati mwa chigaza amene akugwira ntchito tsiku limenelo, ndi bedi m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ndipo pamene mliri wa Covid-19 unkafika mu 2020, mabedi otere m'zipatala zazikulu za boma adali pafupifupi 25, m'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni. Chinanso, nyumba zokongolazi zili kumapeto kwa ulendo. Zimathandiza okhawo amene msewu ndi chipatala cha paboma zawafikitsa amoyo.

Tionenso za amene apulumuka, chifukwa kusafa ndi kuchira ndi zinthu ziŵiri. Loŵani m'wodi ya amuna pazipatala zambiri za m'maboma, mudzaona anyamata atagona mondondozana, kachitsulo katabayidwa pafupa la pansi pa bondo, chingwe chitadutsa kumiyendo kwa bedi, ndi chinthu cholemera chikulendeŵera. Ameneŵa ndi othyoka fupa la ntchafu, ndipo kulemera kuja kumakoka mwendo kuti fupa lilunzike mowongoka. Njira imeneyi imagoneka munthu pabedi masabata 6 kapena kuposerapo. Masiku onsewo iye sakugwira ntchito, mkazi wake kapena mayi ake akugona pansi kumdikirira, munda ukumera udzu, ndipo bedilo silingalandire wina. Potuluka, ena bondo limakhala litauma, ena mwendo utafupika, ena fupa lisadagwirane nkomwe. Njira ina ndi ya opaleshoni, yoloŵetsa chitsulo chachitali m'mphako ya fupa momwe mumakhala mafuta. Wodwala amadzuka ndi ndodo patangopita masiku oŵerengeka. Bungwe la SIGN, limene adaliyambitsa Dr Lewis Zirkle mu 1999, lidapanga chitsulo chotere chimene chingaikidwe popanda makina ojambula a m'chipinda cha opaleshoni, ndipo limachipereka kwaulere kuzipatala za maiko osauka, kuphatikizapo zina zathu. Anthu ambiri ankaganiza kuti kukoka mwendo ndiyo njira ya osauka, opaleshoni ndi ya olemera. Koma Dr Linda Chokotho ndi anzake ataŵerengera zonse m'zipatala za kuno kwathu, m'kafukufuku amene adatuluka mu 2021, adapeza kuti opaleshoni ndiyo idali yotsika mtengo, popeza masabata a pabedi aja amadya ndalama zambiri za chipatala ndi za banja, ndiponso kuti ochitidwa opaleshoni adapeza bwino msanga.

Nanga bwanji mawodi akadali ndi zingwe? Chifukwa chitsulo chija chimafuna chipinda cha opaleshoni chaukhondo, wogonetsa, magazi ndi dokotala wodziŵa kuchiika, ndipo zonsezi zaunjikana m'mizinda yoŵerengeka. Wothyoka ntchafu ku Ntcheu amadikira malo ku Lilongwe, ndipo ngakhale atafika amapeza mzere wa anzake a kabaza amene adafika sabata yatha. Wofa ziŵalo chifukwa cha msana ndiye ali ndi ulendo wautali koposa. Amafuna kutembenuzidwa maola aŵiri alionse kuti asachite zilonda, kuphunzitsidwa kusamala chikhodzodzo chake, ndi kupatsidwa njinga ya olumala yoyenera njira za kumudzi. Malo ophunzitsira zimenezi, monga a Kachere ku Blantyre, ndi ochepa, ndipo akatswiri olimbitsa ziŵalo ambiri ali m'tauni. Ambiri mwa ovulala msana amatulutsidwa m'chipatala ndi kubwerera kwawo pa galimoto ya matola, kukagona pamphasa m'manja mwa achibale amene palibe adawaonetsa ngakhale katembenuzidwe kake.